Phiri la Everest: wolipira ndi wina, wofa ndi wina

Pa 18 April 2014, kutangocha kumene, chimulu cha madzi oundana chinagumuka pa phiri la Everest n'kukwirira anthu amene ankadutsa pamalo otchedwa Khumbu Icefall. Anthu 16 anafera pomwepo, ndipo matupi atatu sanapezeke mpaka lero. Mwa omwalirawo munalibe mlendo ngakhale mmodzi. Onse anali a ku Nepal konko, ambiri a iwo a mtundu wa Asherpa, ndipo anali pa ntchito. Ananyamula mahema, chakudya ndi zipangizo kupita nazo kumisasa ya kumtunda, kuti alendo amene analipira ndalama zokwerera phirilo akapeze zonse zili m'malo. Boma la Nepal litamva za ngoziyo linalonjeza kupereka marupi 40,000 ku banja lililonse, ndalama zokwana pafupifupi madola 400. Asherpa anakwiya, anasiya ntchito, ndipo pafupifupi maulendo onse okwera phiri kudzera mbali ya Nepal anathera pomwepo chaka chimenecho.

Ngozi ya mtundu umenewu ikachitika, funso lakale limabweranso. Kodi n'koyenera kuti munthu awononge chuma chambiri chonchi, n'kuika moyo pachiswe, pofuna kukaima kwa mphindi zochepa pansonga pa phiri? Funsoli lili ndi mafunso atatu m'kati mwake, ndipo anthu akamakangana amawasakaniza. Loyamba ndi la moyo wa wokwerayo. Lachiwiri ndi la ndalama. Lachitatu ndi la moyo wa anthu ena amene amakokeredwa mu ulendowo. Ine ndikuona kuti lachitatuli ndi limene lili ndi fupa, koma kuti timvetse bwino tiyambe taona mmene ulendo wa pa Everest umayendera.

Phirili lili m'malire a Nepal ndi Tibet, chigawo cholamulidwa ndi China, ndipo ndi lalitali mamita 8,848.86, malinga ndi muyezo umene maiko a Nepal ndi China analengeza mu 2020. Nsonga ya Sapitwa ku Mulanje ili pa mamita 3,002, choncho mukasanjikiza Sapitwa katatu ndiye mwangopitirira pang'ono Everest. Edmund Hillary wa ku New Zealand ndi Tenzing Norgay, Msherpa, ndi amene anayamba kufika pansonga pake pa 29 May 1953. Masiku ano anthu mazanamazana amafikapo chaka chilichonse, ambiri m'masiku ochepa a mwezi wa May pamene mphepo yamkuntho ya kumwambako imayamba yaleka. Chilolezo chokha cha boma la Nepal chinali madola 11,000 pa munthu mmodzi, ndipo kuyambira September 2025 chinakwera kufika pa madola 15,000. Mukaphatikiza malipiro a kampani yokonza ulendo, mabotolo a mpweya wa okosijeni, zovala, ndege ndi inshuwalansi, ulendo wotsika mtengo umadya madola masauzande makumi angapo, ndipo wapamwamba umapitirira madola 100,000.

Munthu sangangofika n'kuyamba kukwera. Amakhala milungu ingapo pamsasa wa m'munsi, umene uli pamtunda wa mamita oposa 5,300, akukwera pang'ono n'kutsikanso kuti thupi lizolowere kuchepa kwa mpweya. Akadutsa mamita 8,000 amalowa m'dera limene okwera mapiri amalitcha dera la imfa. Kumeneko mpweya uliwonse umene munthu wakoka umamupatsa pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a okosijeni amene akanapeza m'mphepete mwa nyanja ya mchere. Mutu umasokonezeka, madzi amatha kudzaza m'mapapo kapena ubongo kutupa, zala zimauma ndi chisanu mpaka kudzadulidwa. Anthu oposa 300 afera pa phirili, ndipo matupi ambiri akadali komweko chifukwa kuwatsitsa n'kuikanso miyoyo ina pangozi.

Pa funso loyamba, okwera mapiri ali ndi yankho lachidule: moyo ndi wanga. Maganizo amenewa ali ndi mizu yake ku Ulaya. John Stuart Mill analemba mu 1859 kuti munthu wamkulu ali ndi ulamuliro pa thupi lake ndi maganizo ake, ndipo ena angamuletse kuchita chinthu pokhapokha ngati chikuvulaza anthu ena. Kwathu kuno timanenanso kuti wakwata kwa mphezi saopa kung'anima. Ndipo sindikufuna kupeputsa chimene chimawakoka anthuwa. Pali chinthu chenicheni chimene munthu amachipeza akalimbana ndi mantha ake, akatopa mpaka kumapeto kwa mphamvu zake n'kupitirirabe, akaona dzuwa likutuluka mitambo ili pansi pa mapazi ake. Saray Khumalo, mayi wobadwira ku Zambia amene amakhala ku South Africa, anayesa katatu osafika. Mu 2014 ulendo wake unaimitsidwa ndi ngozi ndatchula ija, mu 2015 ndi chivomerezi, mu 2017 anabwerera atatsala pang'ono. Pa 16 May 2019 anafika, n'kukhala mkazi woyamba wakuda wa mu Africa kuima pansonga pa Everest, ndipo maulendo ake amawagwiritsa ntchito posonkhetsa ndalama zothandizira maphunziro a ana. Munthu wotero sindingamuuze kuti wataya nthawi.

Koma mawu akuti moyo ndi wanga samveka bwino m'makutu a munthu amene anakulira pamudzi. Moyo wa munthu wa ana si wake yekha. Alison Hargreaves wa ku Britain anakwera Everest mu May 1995 popanda botolo la mpweya komanso popanda womunyamulira katundu, chinthu chimene ndi anthu ochepa kwambiri anachichitapo. Patangopita miyezi itatu anafa pa phiri la K2 ku Pakistan, n'kusiya ana awiri aang'ono. Manyuzipepala anamudzudzula kwambiri kuti mayi sangachite zimenezo, pamene abambo ambirimbiri amene anafera m'mapiri n'kusiya ana amatchedwa ngwazi. Kukondera kumeneko kunali koipa. Komabe funso lenilenilo silichoka, likungoyenera kufunsidwa kwa onse, abambo ndi amayi omwe. Rob Hall, wotsogolera maulendo wa ku New Zealand, anafa pafupi ndi nsonga ya Everest mu May 1996 atalankhula komaliza pa lamya ndi mkazi wake amene anali woyembekezera. Mwana wa Hargreaves, Tom Ballard, anakula n'kukhala katswiri wokwera mapiri, nayenso anafera pa phiri la Nanga Parbat mu 2019. Apa ndiye nkhani ya m'banja, yoti okhudzidwawo akambirane okha ulendo usanayambe. Boma kapena ife oonerera tilibe mphamvu yaikulu pamenepo.

Funso la ndalama limawoneka lamphamvu, makamaka kwa ife amene timadziwa kuti ndalama za ulendo umodzi zingakumbe mijigo ingapo kapena kulipirira ana ambiri sukulu ya sekondale. Katswiri wa nzeru zakuya wa ku Australia, Peter Singer, anapereka chitsanzo mu 1972 chimene anthu amachitchulabe. Ukamadutsa pa dziwe n'kuona mwana akumira, umalowa m'madzi kukamuvuula ngakhale zovala zako zide ndi matope. Ndiye ngati ndalama zako zingapulumutse mwana amene ali kutali, kutalikako kukuchotsera bwanji udindo? Mfundoyi ndi yovuta kuitsutsa, koma sigwira okwera mapiri okha. Imagwiranso amene amachititsa ukwati wa mamiliyoni, amene amagula galimoto yachiwiri, amene amasintha foni chaka ndi chaka. Aliyense amene wapeza zoposa zofunika pa moyo amawonongako pa zinthu zomusangalatsa, ndipo kuloza chala munthu wa ku Everest yekha n'kosavuta chifukwa ndalama zake zimaonekera patali. Komanso ndalamazo sizipsa ndi moto. Zimalowa m'thumba la boma la Nepal, kwa eni nyumba zogona alendo, kwa oweta ng'ombe za m'mapiri zotchedwa yak zimene zimasenza katundu, kwa ophika ndi onyamula. Hillary mwiniyo anabwerera kwa Asherpa n'kuthandiza kumanga sukulu ya ku Khumjung mu 1961 ndi chipatala cha ku Kunde mu 1966. Chigawo cha Khumbu, kwawo kwa Asherpa m'munsi mwa Everest, lero chili m'gulu la madera a kumapiri otukuka kwambiri ku Nepal chifukwa cha alendo.

Tsopano tifike pa Asherpa. Dzinali ndi la mtundu wa anthu, ngakhale alendo ambiri amalitenga ngati dzina la ntchito yonyamula katundu. Makolo awo anachokera kum'mawa kwa Tibet zaka mazana angapo zapitazo, ndipo sankakwera nsonga za mapiri. Phiri limene Azungu analitcha Everest iwo amalitcha Chomolungma ndipo amalilemekeza ngati malo opatulika, n'chifukwa chake mpaka lero sayamba kukwera asanachite mwambo wa mapemphero pamsasa wa m'munsi. Ntchito yokwera inabwera ndi Angelezi m'zaka za m'ma 1920, ndipo anthu oyamba odziwika kuti anafera pa phirilo lenilenilo anali onyamula katundu asanu ndi awiri amene anakwiriridwa ndi chipale mu 1922, pa ulendo umene munali George Mallory, wokwera mapiri wotchuka wa ku Britain.

Khumbu Icefall ndi mtsinje wa madzi oundana umene umatsetsereka pang'onopang'ono tsiku lililonse. Ukamayenda umang'ambika, n'kusiya ming'alu yakuya kwambiri ndi zimiyala za ayezi zazitali ngati nyumba zosanja, zimene zimatha kugwa nthawi ina iliyonse. Kagulu ka Asherpa kamapita patsogolo kukamanga zingwe ndi kuyala makwerero a chitsulo pamwamba pa ming'aluyo, nthawi zina makwerero awiri kapena atatu omangidwa pamodzi ndi chingwe. Wodutsa amanyamuka pakati pa usiku, ayezi akadali wolimba, tochi ili pamphumi, nsapato zake zili ndi mano a chitsulo amene amagogoda pa makwerero, pansi pake pali mdima wokhawokha. Mlendo amadutsa pamenepa maulendo ochepa chabe pa nyengo yonse. Msherpa wonyamula katundu amadutsa mobwerezabwereza, ena mpaka maulendo makumi awiri kapena kuposerapo, mtolo uli kumsana. Tenti iliyonse, botolo lililonse la mpweya, chitofu chilichonse chimene mlendo akachipeze kumtunda chadutsa pa makwerero amenewo pamsana pa munthu. Mlendo akafuna ulendo wofewa, katundu amachuluka, maulendo a Msherpa amachulukanso. Zimene mlendoyo wagula ndi ndalama zake, kunena mosabisa, ndi kuchepetsa ngozi yake poisamutsira kwa wina. Pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu alionse amene afera pa Everest anali wantchito wa m'deralo. Mu April 2023 Asherpa ena atatu anakwiriridwa pamalo omwewo, m'chaka chimene boma linapereka zilolezo 478 ndipo anthu 18 anafa.

Oikira kumbuyo bizinesiyi amati Asherpa sakakamizidwa, ndipo n'zoona. Msherpa wodziwa ntchito amapeza m'miyezi iwiri ndalama zoposa kangapo zimene munthu wamba wa ku Nepal amapeza pa chaka. Ena ndi akatswiri otchuka pa dziko lonse, monga Kami Rita Sherpa amene pofika May 2025 anali atafika pansonga ka 31. Makampani ambiri aakulu okonza maulendowa tsopano ndi a anthu a ku Nepal eni ake, ndipo Asherpa atanyanyala ntchito mu 2014 sankafuna kuti phiri litsekedwe mpaka kalekale. Ankafuna chipepeso chooneka, inshuwalansi yokwera ndi thumba lothandizira amasiye. Inshuwalansi inakweradi kuchoka pa marupi 1 miliyoni kufika pa 1.5 miliyoni. Choncho aliyense wonena kuti kukwera Everest kuletsedwe ayenera kuyamba wafunsa Asherpawo, chifukwa ndi mphika wawo umene akufuna kuuphula.

Komabe ife tikudziwa bwino kusankha kwa munthu wosauka. Agogo athu ankapita ku Joni pa Wenela ndi pa Theba mwa kufuna kwawo, palibe anawamanga chingwe, ndipo anabwerako ndi njinga, mawailesi ndi malata. Ena anabwerako ndi chifuwa, ena sanabwereko. Kuvomera kwawo sikunawayeretse eni migodi. Tenzing Norgay anauza mwana wake Jamling kuti iye anakwera Everest n'cholinga choti ana ake asadzavutike kukwera, ndipo Asherpa ambiri lero amatumiza ana awo kusukulu ku Kathmandu ndi kunja ndi cholinga chomwecho. Bambo akamagwira ntchito imene sakufuna kuti mwana wake adzaigwire, watiuza kale mmene amaionera.

Palinso chinthu china chimene ndalama zochuluka zimachita mumtima mwa wokwera, ndipo ichi ndi chimene chimandisautsa koposa. Munthu amene wagulitsa nyumba kapena wasunga ndalama kwa zaka khumi, watsala maola awiri kuti afike pansonga, akapeza mnzake ali gone m'njira, amatani? Mu May 2006 David Sharp wa ku Britain anakhala pansi m'kaphanga ka mwala kumbali ya Tibet, atatheratu mphamvu. Anthu pafupifupi 40 anamudutsa usiku ndi m'mawa umenewo. Ena sanamuone, ena anaganiza kuti wafa kale, ena anaima n'kumupatsa mpweya koma analephera kumuimiritsa. Anafera pomwepo, ndipo Hillary, ali nkhalamba, anadzudzula poyera khalidwe loika nsonga patsogolo pa moyo wa munthu. Okwera mapiri amayankha kuti pamtunda wotero munthu sangathe kunyamula mnzake, ndipo nthawi zambiri akunena zoona. Koma patangopita masiku ochepa, m'mwezi womwewo, gulu la Dan Mazur linapeza Lincoln Hall wa ku Australia ali moyo atagona panja usiku wonse, linasiya ulendo wake n'kukhala naye mpaka thandizo linafika, ndipo Hall anapulumuka. Mu May 2023 Gelje Sherpa anapeza munthu wa ku Malaysia akunjenjemera m'dera la imfa, anapempha mlendo amene ankamutsogolera kuti abwerere, anamukulunga wodwalayo m'chogonera n'kumubereka kumsana kwa maola angapo. Ndiye kuti nthawi zina n'zotheka, bola pakhale wina wololera kutaya zimene analipira.

Ife a ku Malawi nkhaniyi isatione ngati ya kutali kwambiri. Mlendo aliyense wokwera phiri la Mulanje kuchokera ku Likhubula amayenda ndi anyamata a m'midzi yozungulira amene amamulondolera njira ndi kumusenzera chikwama. Sapitwa alibe ayezi wa ku Khumbu, koma ali ndi chifunga chimene chimatseka njira m'kanthawi kochepa ndi chisanu chimene chimapha. Mu July 2009 Gabriel Buchmann wa ku Brazil anapitirira yekha kupita ku Sapitwa atasiya womulondolera, ndipo thupi lake linapezeka patapita milungu yoposa iwiri, anthu a m'deralo atasakasaka m'matanthwe ndi m'zigwembe. Wosochera pa phiri safunidwa ndi mizimu, amafunidwa ndi anthu a ana awo. Mafunso a ku Nepal ndi omwewonso ofunika kufunsa kuno: wonyamula chikwamayo wavala chiyani kumapazi, usiku afunda chiyani, akathyoka mwendo alipira chipatala ndani?

Kwa ine, munthu amene wakonzekera mokwanira, wagwirizana ndi a m'banja lake, akusenza yekha gawo lalikulu la ngozi yake, ndipo walola mumtima kuti adzabwerera akapeza wina akufa, alibe mlandu wokwera phiri, ngakhale litadya ndalama zingati. Mlandu uli pa amene amafika ku Everest asanakwerepo phiri lalikulu n'kale lomwe, akudalira kuti Asherpa awiri adzamukoka, kumusinthira mabotolo ndi kumumangirira zingwe. Uli pa kampani imene imatsitsa mtengo pochepetsa malipiro, zovala ndi maphunziro a antchito ake. Ulinso pa boma limene limalandira madola mamiliyoni a zilolezo chaka ndi chaka, pamene mkazi wa womwalira analonjezedwa madola 400. Zina zikusintha. Kuyambira 2024 ayamba kuyesa ndege zazing'ono zopanda woyendetsa kuti zizinyamula katundu kudumpha Khumbu Icefall, ndipo ulendo uliwonse umene makinawo ayenda ndi ulendo umodzi umene munthu sanadutse pa makwerero aja.

Koma kutali ndi Everest, kumene makamera safika kawirikawiri, zinthu zikadali kumbuyo. Pa 27 July 2023, pa phiri la K2, Muhammad Hassan, wonyamula katundu wa ku Pakistan wa zaka 27, bambo wa ana atatu, anaterereka pakanjira kopapatiza kotchedwa Bottleneck, pamtunda wa mamita pafupifupi 8,200. Amene anamuona ananena kuti analibe chovala chokhuthala choyenera kumtunda wotero. Ena anayesa kumuthandiza n'kumukokera panjira, koma kanema wojambulidwa kuchokera m'mwamba anaonetsa mzere wa anthu akumudumpha, ulendo wa kunsonga. Tsiku lomwelo Kristin Harila wa ku Norway ndi Tenjen Lama Sherpa anafika pansonga pa K2 pomwepo, n'kumaliza kukwera mapiri onse 14 opitirira mamita 8,000 m'masiku 92, ndipo Harila anati gulu lake linayesetsa kwa nthawi yaitali kumupulumutsa lisanapitirire. Tenjen Lama nayenso anafa miyezi yosakwana itatu pambuyo pake, atakokoloka ndi chipale pa phiri la Shishapangma akutsogolera mlendo wina. Thupi la Hassan linakhala pa Bottleneck chaka chathunthu. Mu 2024 gulu la anzake onyamula katundu, motsogozedwa ndi Naila Kiani, mayi wokwera mapiri wa ku Pakistan, linakwera kukalitsitsa kuchokera pamalo omwe aja ankati munthu sangatsitsidwepo, n'kukalipereka kwa abale ake kuti akaike maliro kwawo.